Wogona M'galaja

Goodna, 10 Novembala 1996

Amake Penaia, mkazi wanga Fuatino,

Moni wanga awoloke nyanja akupezeni muli moyo kwathu ku Sataua, ku Samoa, inu ndi mayi athu odwalawo. Ine ndili bwino. Bondo lokha ndi limene limandilankhula m'mawa, koma ndikangofika kophera ng'ombe limakhala chete, limaopa kapitawo.

Ndatumiza madola mazana awiri Lachisanu. Muwagulire mayi mankhwala a chifuwa aja, zotsala mupatse mlongo wanu akonze denga la khitchini mvula isanakule. Nkhumba yaikazi ija musaipereke ku maliro a munthu aliyense, ngakhale wopemphayo abwere ndi nkhope yotani. Kuno nyama ya m'chitini yakwera, ndipo talo, mbatata ya kwathu ija, amene akugulitsa kusitolo ya pakona ndi wouma ngati chidendene changa.

Lachiwiri masana kunagwa chimphepo ndi matalala. Kusanayambe, kumwamba kunabiriwira ngati madzi a kuseri kwa miyala ya m'nyanja kwathu kuja. Ndinaima pakhonde kuyang'ana, ndipo ndinaona ngati ndili pansi pa nyanja, mitambo ili mabwato akudutsa pamutu panga, nkhafi zikuviika mwakachetechete. Ndinkafuna kuzindikira bwato la bambo anga pakati pawo. Chinandidzidzimutsa ndi bulugama wa kuseri uja. Wagwera galaja pakati penipeni. Nyumba sinakhudzidwe. Penaia anali kuntchito, palibe wavulala, musalire.

Zida zake za ukalipentala ndiye zatha. Makina odulira matabwa aphwanyika, benchi lathyoka pakati, ndipo malande opalira matabwa, masowo ndi matchizulo osemera akhala m'madzi masiku awiri pansi pa malata tisanathe kuchotsa nthambi. Bedi lake ndi zovala zake zanyowanso. Za bedilo musafunse zambiri, kuno kukutentha, anthu amagona kumene kuli mphepo.

Paja munkandiseka kuti ndikulipira azungu chifukwa cha tsoka limene silinabwere. Lero labwera. Zaka khumi ndi chimodzi ndalipira inshuwalansi ya nyumba ino osadumphitsa. Pepala lake ndalitulutsa m'chitini cha mabisiketi, ndi loyera ngati lobwera dzulo. Sindinaliwerengepo, Chingerezi chake ndi chaching'ono ngati nyerere, koma Ioelu, dikoni wathu amene ndimagwira naye ntchito uja, wawaimbira foni. Akuti atumiza munthu wodzaona. Zonse adzabwezera, mudzaona.

Zilembo zikapendama musanyoze, mphunzitsi wake ndinu, ndi buku lanu la nyimbo lija. Sukulu sindinaipondepo ndipo sindinasowepo kanthu chifukwa cha zimenezo.

Ndine mwamuna wanu,
Aukuso


Goodna, 24 Novembala 1996

Amake Penaia,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ndipo mayi akumeza kaphala. Ine ndadzuka.

Ndikulemba msanga chifukwa cholembera cha akazi a Ioelu chimathamanga, ndipo ndi bwino nkhaniyi muimve kwa ine.

Munthu wa inshuwalansi anabwera Lachitatu. Ndi mayi, dzina lawo a Pritchard, aafupi, ovala magalasi ndi nsapato za mphira. Ndinawalandira monga ayenera mlendo. Ndinayala mkeka wabwino uja, ndinavala malaya a kutchalitchi, ndinaphika tiyi, ndipo poti sadziwa kukhala pansi ndinawapatsa mpando wa nsungwi. Womasulira anali Ioelu, chifukwa Chingerezi changa chimangodziwa ng'ombe ndi mipeni. Anazungulira galaja, kujambula, kulemba. Ataona bedi ndi zida anafunsa kuti ndi za yani, ndiponso kuti pakhomo pano timakhala anthu angati.

Ndinawauza kuti ndimakhala ndekha, mkazi wanga ali ku Samoa kudwazika mayi ake. Anafunsa za wogona m'galajayo. Ndinati ameneyo ndi munthu chabe amene ndinamulola kugonamo, m'nyumba mwanga salowa, pamkeka wanga sadyera. Ioelu anandiyang'ana, n'kundifunsa m'chinenero chathu ngati ndikufunadi kuti anene zimenezo. Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi kunyamula mawu, osati kuwasenda. Ananena. Mayiwo analemba.

Tsopano ndikuuzeni zimene sindinakulembereni chaka chonsechi. Mutachoka muja, Lamulungu lachitatu, abusa ndi akazi awo anadzadya kwathu titatuluka m'tchalitchi. Ndinawauza abusa, monga nkhani yabwino, kuti mwana wanu ndamupezera malo kophera ng'ombe, ntchito yolandira sabata ndi sabata, asiye kuyendayenda m'nyumba za anthu ndi hamala. Iye anali atagwada ndi beseni la madzi osamba m'manja. Anaimirira. Amake Penaia, anaimirira, ife akuluakulu tili pansi pamkeka, n'kundiyankha mutu wake uli pamwamba pa mutu wa abusa. Akuti iye ndi kalipentala, ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ng'ombezo ndiziphe ndekha. Mawuwo ndikanawameza. Koma kuimako. Ine mpaka bambo anga kumwalira sindinawaonepo pamwamba pamutu. Ndinamuuza kuti asadzapondenso pakhomo panga mpaka atabwera kudzakhala pansi n'kupepesa. Ananyamula bedi lake kupita nalo m'galaja. Ndi miyezi khumi ndi itatu tsopano. Sitinalankhulanepo. Ndaona kuti nayenso sanakulembereni zimenezi.

Musaganize kuti akufa ndi njala. Dzanja langa linazolowera kuphika za anthu atatu, silimva, ndiye zotsala ndimaika pa masitepe a kuseri. Mphika umabwerako wotsuka. Sindidziwa amautsuka ndani. Sitepe lothyoka lija linapezekanso litakonzedwa, ndipo udzu wa pabwalo sukula.

Atapita mayi a inshuwalansi aja, mawa lake m'sitima Ioelu sanandipatse mtendere. Anati, "Mdala iwe, ng'ombe timapha zija mitu yake ndi yofewa poyerekeza ndi wakowu. Wamukana mwana pamaso pa mzungu ngati Petulo. Tambala yekha ndiye anasowa."

Ndinati, "Petulo ananama. Ine ndanena zoona."

Anati tidzaona ngati zoonazo zimapala thabwa. Dikoni wa mtundu wanji wolankhula chonchi sindidziwa.

Panopa Penaia akugona kumapeto kwa galaja kumene kunatsala, wakungako lona. Chimene ndikuchisowa ndi phokoso. Masana ndikaweruka ndinkakhala pakhonde, lande yake ikulira kuseriko, shii, shii, ngati timafunde tating'ono pamchenga madzi akamabwerera. Ndinkangopezeka ndili kwathu, mapazi m'madzi ofunda, inu mukuyanika nsalu patchire, mukadali ndi tsitsi lofika m'chiuno. Tsiku lililonse ndinkapita kwathu osalipira ndege. Chigwereni mtengo uja kuli zii.

Muwapatse moni mayi.

Aukuso


Goodna, 15 Disembala 1996

Amake Penaia,

Ndathokoza Mulungu pomva kuti mayi akutha kukhala tsonga. Ine ndili bwino, kupatula tulo ta masana timene tasamuka.

Kalata yanu ndalandira. Inali yotentha, ndinaiwerenga nditaigwira m'mphepete. Mwanditchula maina amene simunandiphunzitse kulemba. Sindiyankha zonse. Ndingoti inu panalibe, simunamuone ataima.

Kalata ina yachokera kukampani. Galaja adzamanga, kuchotsa mtengo adzalipira, zonse ndi zawo. Koma katundu wa Penaia, ngakhale msomali umodzi, akana. Ioelu wandiwerengera pepala lija tsopano, mzere ndi mzere, chala chili pa nyerere zija. Akuti kampani imalipira katundu wa mwini nyumba ndi wa abale ake amene amakhala naye pakhomo limodzi, kaya mwanayo ndi wa ndevu, kaya ndi wa imvi, bola akhale wa m'banjamo ndipo kwawo kukhale pomwepo. Koma mwana amene anatuluka kukakhala kwayekha, kapena munthu wa lendi, kapena wongosungidwa, ameneyo azikhala ndi pepala lakelake. Penaia alibe. Ndipo m'buku la mayi aja munalembedwa kuti wogona m'galaja ndi munthu wongosungidwa.

Ndinakwiya. Ndinamufunsa Ioelu kuti kodi kwa azungu mwana amasiya liti kukhala mwana, kuti mpaka alembe papepala. Kwathu munthu akapita ku Auckland zaka makumi anayi, mkeka wake umamudikira. Ioelu anati azunguwo sanamuchotse, wamuchotsa ndine ndi pakamwa panga, iye anangonyamula mawu osasenda monga anauzidwira. Ine ndikuti mayiwo ali ndi magalasi. Pakhoma pali chithunzi cha Penaia. Sanaione mphuno? Munthu wongosungidwa angakhale ndi mphuno yanga?

Penaia anali atapeza ntchito ya makabati a khitchini m'nyumba zinayi ku Redbank. Ndamva kuti aipereka kwa wina, poti kalipentala wopanda zida ndi munthu wamba. Panopa akunyamula njerwa pa nyumba za anzake. Madzulo dzuwa lisanalowe ndimamuona pawindo, osati kuti ndimasuzumira, windolo lili pomwepo. Amakhala pa chitsa cha bulugama uja kupala dzimbiri pa matchizulo, imodziimodzi, n'kumaiyang'anitsa padzuwa. Akawerama choncho khosi lake ndi la bambo anga posoka ukonde. Lachinayi ndinayang'ana nthawi yaitali mpaka chitsa chinasanduka mwala wa pagombe uja, mpanda wa malata unasanduka madzi, ndipo ndinatsala pang'ono kuitana kuti bambo, kwada, tiyeni kunyumba.

Katoni ya Khirisimasi ikubwera ndi mlamu wa abusa pa ndege ya pa 20. Muli nsalu ziwiri, sopo, zitini zisanu ndi chimodzi za nyama ndi nsapato za mayi. Nsalu yobiriwira ndi yanu, musaipatse mng'ono wanu ngati chaka chatha. M'katonimo mupezamo kabokosi kamtengo kosungiramo mankhwala. Ndinakapeza pa masitepe pambali pa mphika. Sindinafunse.

Aukuso


Goodna, 5 Januwale 1997

Amake Penaia,

Chaka chatsopano chikupezeni ndi mphamvu, inu ndi mayi. Ine ndalowa nacho bwino. Bondo ndi lomwe lija.

Khirisimasi tinadya kutchalitchi. Mwana wanu anakhala ndi oimba, ine ndi akuluakulu. Mawu ake a besi anamveka bwino, anthu anandiyamikira. Ndinati ndi a kwa mayi ake.

Sabata ino sinditumiza kanthu, anatidula masiku a tchuthi. Mukolole kokonati za kumtunda mugulitse, koma osati kwa mphwanga, salipira.

Ioelu wandiuza nkhani Lachisanu tikunola mipeni. Akuti Penaia walembedwa ntchito ku migodi ya ku Mount Isa. Basi yake inyamuka Loweruka pa 8 Febuluwale, tikiti wagula kale. Akuti akagwireko zaka ziwiri kapena zitatu, apeze zogulira zida zina. Ioelu akuti amene amapita kumeneko zaka ziwiri zimabereka zinzake, ndipo mwana wa mchemwali wake anapita ndi mawu omwewo, pano ndi chaka chachisanu ndi chitatu.

Akutinso nkhani ya kampani sinatsekeke. Munthu akhoza kupempha kuti aionenso. Chofunika ndi kuti ine ndinene pamaso pa mayi aja, ndi kusaina, kuti mnyamatayo ndi mwana wanga ndipo pano ndi pakwawo. Ndinamuuza kuti Aukuso sabweza mawu. Amene anaima ndiye ayambe. Ioelu anati chabwino, ndidzawakumbatire mawu angawo pa 9 Febuluwale, aone ngati adzanditchetchera udzu.

Apite. Ndi mwamuna.

Mphika wakhala pa masitepe masiku atatu osakhudzidwa. Mwina akudya kwa anzake. Ndapatsa galu wa aneba.

Aukuso


Goodna, 19 Januwale 1997

Amake Penaia,

Moni. Ndimve kuti mayi ali bwanji ndi mvula imeneyo, muziwafunditsa. Ine ndilipo.

Mwalemba kuti mukwera ndege mubwere mudzatigundanitse mitu. Musayerekeze. Mayi muwasiyira ndani? Khalani pomwepo. Za kuno ndi zanga.

Lolemba ndinapempha kuweruka msanga ndipo ndinakwera sitima kupita ku Ipswich, ku ofesi ya kampani ija, ndekha. Musaganize zina. Ndinapita chifukwa sindifuna kuti kampani idye thukuta langa la zaka khumi ndi chimodzi n'kupukuta pakamwa. Nkhani ndi imeneyo basi.

Anandikhazika pa benchi nthawi yaitali. Munkazizira ngati m'chipinda chosungira nyama. Pakhoma panali mapu aakulu a dziko lino, ndipo ndinafunsa mayi wa pakauntala kuti Mount Isa ndi pati. Anaika chala. Amake Penaia, ndi pakati pa zofiira zokhazokha. Ndinayeza ndi dzanja kuchokera pa Goodna, linakwana lonse ndi chala china. Ndinayang'ana kuti madzi ali kuti. Ali kutali. Ndinabwerera pa benchi, ndipo kaya ndi kuzizirako kaya n'chiyani, maso anatsekeka. Ndinaona bwato la bambo anga lili pa dothi lofiira, lopanda madzi mbali zonse. M'katimo munali Penaia ali wakhanda, atakulungidwa m'nsalu yanu ya maluwa achikasu ija. Sankalira. Ankangondiyang'ana. Ndinkakankha bwatolo, likuyenda bwinobwino pafumbi ngati pamadzi, koma likuyenda kundisiya, ndipo nkhafi inali m'manja mwanga. Ndinafuna kumuponyera koma ndinkaganiza kuti aipemphe kaye. Wakhanda, amake Penaia. Aipemphe bwanji?

Anandidzutsa pondigwira paphewa. Ndinasonkhanitsa Chingerezi changa chonse, chinakwana mawu asanu. Ndinatchula dzina la a Pritchard, dzina langa, Goodna, ndi kuti abwerenso. Anamva. Abwera Lachinayi pa 30, ifeyo titaweruka. Ioelu walonjeza kudzamasulira.

Chimene ndikanene sindinachidziwe. Bodza sindisaina. Ndikuganiza zowauza kuti galaja ndi yanga, choncho zili m'galaja ndi zanga, nkhani ithere pomwepo. Ioelu akuti ndikayese, mayiwo sanabadwe dzulo.

Ndatumiza madola zana limodzi ndi makumi asanu. Mphika wayambanso kubwera wotsuka.

Aukuso


Goodna, 2 Febuluwale 1997

Mkazi wanga Fuatino,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse. Ine ndili bwino, mawu okha ndiwo asasa, mumva chifukwa chake.

Lachinayi ndinayalanso mkeka, ndinavalanso malaya aja. Itakwana nthawi anabwera akazi a Ioelu, osalowa n'komwe, kudzanena kuti dikoni wagwidwa ndi msana, sangadzuke. Madzulo a tsiku lomwelo anthu anamuona dikoniyo akunyamula thumba la simenti. Mulungu adzamufunsa.

A Pritchard anafika, n'kukhala pa mpando wa nsungwi. Tinayang'anizana. Iwo alankhula, ine ndagwedeza mutu. Ine ndalankhula, iwo amwetulira. Kenako anadzuka, kutsika masitepe a kuseri, ndipo ndinawamva akuitana ku galaja. Anabwera ndi Penaia. Iye anaima panja pa chitseko, zala za kumapazi zili pa mzere wa khomo. Mayiwo anamukodola kuti alowe. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana khoma, ndipo ndinauza khomalo kuti m'nyumba mwanga mlendo akapempha kanthu sakanizidwa. Analowa mowerama, n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo yopinda. Musathamange mtima. Kukhala pansi si kupepesa. Aliyense amakhala pansi.

Ndiye womasulira anakhala iyeyo. Mayiwo afunsa, iye atembenuza akuyang'ana mkeka, ine ndiyankha ndikuyang'ana mayiwo. Anafunsa ngati wogona m'galaja amalipira lendi. Ndinati ndani analipiritsapo munthu lendi pa bwalo lake. Anafunsa kuti amadya kuti. Ndinati sindidziwa, koma mphika wanga umachepa. Iye anamasulira zimenezo mawu akunjenjemera, sindidziwa ngati kunali kuseka. Anafunsa kuti makalata ake amafikira kuti, udzu amatchetcha ndani, wakhala pano zaka zingati. Zonse ndinayankha zoona. Nzeru yanga ija yoti zili m'galaja ndi zanga sinapeze polowera.

Kenako anavula magalasi n'kufunsa funso lalifupi. Penaia anati, "Akufunsa kuti munthu ameneyu ndi ndani wanu, ndipo kwawo ndi kuti."

Ndinakhala mowongoka monga timachitira polankhula pabwalo. Ndinayamba ndi kulemekeza mlendo ndi amene anamutuma, poti ndi mwambo. Ndiye ndinawauza mayiwo kuti munthu akumufunsayo anabadwa ku Sataua m'mawa wa tsiku limene nsomba za atu zinadzaza mabwato onse, ndipo mchombo wake ndinaukwirira ndekha pansi pa mtengo wa ulu umene uli kuseri kwa khitchini, ulipo mpaka lero, apite akaone. Ndinawauza kuti pa sitima ya pamadzi yopita ku Auckland anasanza masiku onse pa chifuwa changa ndipo sindinamupatse munthu wina. Ndinawauza kuti ng'ombe ndazidula zaka zonsezi si chifukwa choti ndimazida, koma kuti munthu ameneyu akhale ndi khomo lolowapo popanda kugogoda. Ndinawauza kuti ndinkafuna kumuika kophera ng'ombe chifukwa ndinkaopa, poti ntchito ya hamala lero ilipo mawa kulibe, ndipo ine njala ndikuidziwa, iye saidziwa. Ndinawauza kuti manja ake ndi a agogo ake, osema mabwato, ndipo ndinazindikira kalekale koma sindinanene. Ndinawauza kuti tsiku lija atafunsa anayankha si ine, unali mkwiyo utavala malaya anga. Nyumba iyi, galaja, masitepe, udzu, ndi chitsa chomwe chija, ndi khomo limodzi, ndipo ndi lake. Ndipo ndinati akakwera basi ya Loweruka, kampani idzabwere idzatenge nyumbayi ndi pepala lake lomwe, ine sindidzakhala nayo ntchito.

Ndinalankhula mpaka tiyi anazizira. Maso anga sanachoke pa mayiwo. Nditamaliza anatembenukira kwa womasulira, cholembera chili m'mwamba.

Womasulira anali ataweramitsa mutu, madzi akudontha pamkeka wanu wabwino uja. Kenako ananena mawu atatu a Chingerezi, ndipo amenewo ngakhale ine ndikuwadziwa. Anati, "Akuti inde, mayi."

Mayiwo anaseka, anapukuta magalasi, n'kunena kuti chiyambireni ntchito sanamvepo inde wamtali chonchi. Analemba okha mizere inayi, iye anandiwerengera, ndinasaina dzina langa lonse, chilembo chilichonse chili chiimire.

Atapita tinatsala awiri. Iye sanadzuke, ine sindinadzuke. Panalibe woyamba. Mapeto ake ndinayang'ana mpando wa nsungwi umene anakhalapo mayi aja, ndipo ndinauuza kuti chipinda cha kumapeto ndi chosesa, ndipo lona si denga.

Kuchokera kuchitseko kunamveka kuti, "Akuti amva."

Za basi sananene kanthu. Kwatsala masiku asanu ndi limodzi.

Aukuso


Goodna, 16 Febuluwale 1997

Amake Penaia,

Moni kwa inu ndi kwa mayi. Muwauze kuti nsapato zija azivale, si zosungira maliro. Kuno tili bwino.

Kampani yayankha. Bedi ndi zovala alipira zonse. Zida za ntchito akuti zili ndi malire ake papepala, ndiye apereka zokwana mwina theka. Nyerere zija sizitha. Ndinafuna kukweranso sitima ya ku Ipswich koma Ioelu, amene msana wake wachira mozizwitsa, akuti ndisayese Mulungu. Zakwana sowo ya magetsi yogwirapo kale ntchito ndi malande awiri. Matchizulo ndi akale omwe aja, dzimbiri linachoka.

Loweruka la pa 8 ndinakhala pakhonde ndi wotchi m'manja. Basi imanyamuka itakwana naini. Naini inakwana iye ali pa denga la galaja yatsopano, akukangana ndi amisiri a kampani kuti mtanda wawo wapendama. Unapendamadi. Ndinakhala pomwepo mpaka teni, kenako ndinagona, ndipo ndinafika kwathu madzi atadzaza mpaka pa mizu ya kokonati.

Kupepesa sanapepese. Inenso sindinapepese, ndipepese chiyani? Ndinkalankhula ndi a Pritchard. Mpando uja tausiya pomwepo, ndipo ukugwira ntchito kuposa dikoni. Ndikauuza kuti chakudya chapsa, umayankha kuti akubwera. Ukandiuza kuti mchere wachuluka, ndimauuza kuti ukaphike wokha. Mwana wanu walowa m'chipinda cha kumapeto chija, ndipo amaliza mkonono, munali musanandiuze. Khoma lonse limanjenjemera.

Dzulo ndinauuza mpandowo kuti ufunse ngati kalipentala angafune munthu womugwirira thabwa mbali inayo Loweruka lililonse, munthu wodziwa kunola. Unati wogwira thabwa amayamba sikisi koloko, ndipo sayankha bwana.

Ndipita Loweruka. Koma ndikayankha.

Nkhumba ija muisunge, idzaphedwa tikadzabwera tonse awiri.

Ndine mwamuna wanu,
Aukuso